Manda a Takete

Kuyambira chaka chimene Blessing anakwera galimoto ya omalayitsha, anthu aja onyamula katundu ndi apaulendo kupita nawo ku Joni, amayi ake, mayi Evelina Chatsika a ku Mpopoma, lokeshoni ya mumzinda waukulu wa dziko la Amandebele, anakhala ngati mkono umene munthu waugonera: ulipo, ukuoneka bwinobwino, koma ukautsina sukumva. Mnyamatayo anaimba foni kamodzi kokha ali ku Musina, tauni ya pamalire, kunena kuti mtsinje wawoloka bwino, kungoti nsapato zanyowa. Kenaka foni yake inazima. Anamufunafuna m'zipatala, m'ndende ndi m'nyumba zosungiramo mitembo. Chithunzi chake chinayenda m'mafoni a anthu onse a mpingo ogwira ntchito kumeneko. Panalibe amene anamuona, wamoyo kapena wakufa. Tsopano chinali chaka chachinayi.

Misozi inali ya miyezi yoyambirira. Itauma, mayi Evelina anabwerera pa makina awo osokera, amene anawagula pamene fakitale ya zovala ya ku Donnington inkatseka, napitiriza kusoka mayunifolomu a ana a sukulu. Ankadya chimene chaikidwa patsogolo pawo, osafunsa ngati muli mchere. Anansi ankawaitana mwa Chindebele kuti NaBlessing, kutanthauza mayi wa Blessing, iwo n'kumayankha.

M'nyumbamo ankakhala awiri, iwo ndi Nobuhle, mkazi wa Blessing, mtsikana wa kwa Mkhwananzi amene anangokhala ndi mwamuna wake miyezi yowerengeka asananyamuke. Nobuhle ankagulitsa pa kashopu ka pakona. M'mawa uliwonse ankagwada pakhomo pa chipinda cha apongozi ake kuwauza kuti madzi osamba afunda, madzulo ankaweruka ndi buledi, ndipo dzina la Blessing awiriwo sankalitchula.

Lamlungu lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunafika a Lemson, mlongo wamkulu wa mayi Evelina, amene anapuma ntchito ya pa njanji, ndiponso mwini mbumba m'banjamo. Anadikira kuti Nobuhle aike tiyi pa tebulo ndi kutuluka, kenaka anakhazika chipewa pa bondo.

"Chemwali, a kwa Mkhwananzi anabweranso kwathu dzulo. Ulendo uno anabwera atatu, ndipo tiyi anakana."

"Ndamva, achimwene."

"Mwamva chiyani ine ndisananene? Akufunsa kuti mwana wawo ndi ndani pakhomo pano, mkazi wa munthu kapena wamasiye? Atipatsa mpaka mvula yoyamba. Ikagwa tisanayankhe, adzabwera kudzamutenga monga mmene munthu amatengera mpando umene anabwereketsa, ndipo ubale udzathera pomwepo. Mtsikanayo ndi wamng'ono, chemwali. Sanalakwe kanthu."

"Sindinamumange."

"Simunamumange, koma sangachoke inu musanamusudzule, ndipo simungamusudzule popanda maliro. Tiike mvunguti."

Mvunguti ndi mtengo uja wa m'mbali mwa mitsinje, wa zipatso zazitali zolendewera. Makolo a banjali, amene anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi ya kuno ku dziko la Amandebele, anabwera ndi mwambo wakuti munthu akasowa, thupi lake osapezeka, amakulunga chipatso cha mvunguti m'nsalu ndi m'mphasa, nachiika m'manda m'malo mwa mwini wake. Maliro amalirika, wamasiye amasudzulidwa, amoyo amabwerera ku ntchito zawo.

"Nanga akabwera?" anafunsa mayi Evelina.

"Akabwera tidzafukula, tidzamusambitsa, tidzapha mbuzi. Mbuziyo ndidzagula ndine."

"Munthu wamoyo ukamukwirira dothi, watseka njira yake yobwerera. Amayi ankatero."

"Amayi ankanenanso kuti wailesi imaphwetsa mkaka wa m'mawere. Tamverani. Abusa avomera kudzapemphera, bola tisawauze kuti adalitse chipatso. Malo alipo ku Mbembesi, pafupi ndi manda a agogo. Chatsala ndi mawu anu okha. Ine ndine malume wake, koma sindingakumbitse dzenje mayi wake asanavomere."

Mayi Evelina anaona kaulusi katakakamira pa siketi yawo, nakachotsa mosamala.

"Ndamva, achimwene."

A Lemson anamwa tiyi wawo yense asanalankhulenso. Kenaka anati panalinso nkhani ina, ya mzungu.

Ku Mbembesi, pa mgodi wakale umene agogo awo a Kachingwe anayambira ntchito, panali manda ochepa a anthu a ku Nyasalande, ndipo banjali linkapita chaka ndi chaka kukalambula. Cha kumapeto kwa mandawo kunali amodzi okhala ndi chitsulo, dzina litakhomedwa ndi msomali: O. TACKETT. Ameneyu anali mwini mgodiwo, munthu wa ku Amereka, amene antchito ake ankamutcha Takete. Mwana wamkazi wa a Lemson, amene ali ku Mangalande, anaika chithunzi cha chitsulocho pa intaneti, ndipo chinaonedwa ndi mayi wina wa ku Montana, dzina lake Jean, chidzukulu cha Takete, amene anatha zaka zambiri akufufuza mbiri ya banja lake.

"Anandiimbira foni chaka chatha, kufunsa ngati mandawo alipodi. Ndinati alipo, timasamala. Ndiye afika mawa lino. Ndikuona kuti akufuna kumanga chiliza. Tipitire limodzi, chemwali. Inu ndinu amene mumazula udzu pamenepo."

Mayi Evelina sanakane, pakuti kukana kumafuna mphamvu.

Ananyamuka Lachitatu m'mawa pa galimoto ya bokosi kumbuyo imene mlendoyo anachita hayala. Mayi Jean anali wamtali, wa imvi zometedwa mwachimuna, mphunzitsi wopuma ntchito. Anagwira dzanja la mayi Evelina ndi manja awiri monga mmene munthu wina anamulangizira. Kumbuyo kunakwera amuna awiri aganyu ndi piki ndi fosholo, ndiponso kanthu kena kokulungidwa m'bulangete. A Lemson anayang'anayang'ana matumba a simenti, sanawaone, naganiza kuti abwera pambuyo.

Atangodutsa nyumba zomaliza za mzinda, mlendoyo anayamba kufotokoza, akuonetsa zithunzi zakale za m'foni mwake. A Lemson ankavomereza mokweza. Mayi Evelina, amene Chingerezi anachizolowera ku fakitale, ankamva zonse ali chiyang'anire pa windo.

Orrin Tackett anabadwira ku Tennessee m'chaka cha 1843, m'banja la alimi osauka. Asanakwanitse zaka khumi, bambo ake anagulitsa munda, nagula ngolo ndi ng'ombe zokoka, nalowa m'gulu la mabanja opita kumadzulo, ku Oregon, kumene ankamva kuti nthaka ikungogawidwa. Ulendowo unali wa theka la chaka, m'chidikha chopanda mtengo. Kolera inawapeza m'mbali mwa mtsinje wa Platte. Amayi ake anadwala m'mawa, pofika madzulo anali atatsirizika. Anawakwirira pakati penipeni pa njira, ngolo zonse n'kudutsa pamwamba kuti mimbulu isanunkhize malowo, ndipo Orrin mwini wake anali m'gulu la okusa ng'ombe podutsapo. Manda a mayi ake sanawaonenso.

Atakula anathawa khasu natsata mphekesera za golide, poyamba ku Idaho, kenaka ku Montana. Golide wokwanira sanamupeze. Anapeza Lucinda, mwana wa wosula zitsulo, mkazi wamfupi wa nsagwada zolimba, amene pa chithunzi ankaoneka ngati akudikira kuti wojambulayo alakwitse. Anamanga nyumba ya zipika m'mphepete mwa kamtsinje, nayamba kuweta ng'ombe. Anabereka ana asanu ndi mmodzi. Awiri anamwalira sabata imodzi ndi matenda a pakhosi.

"Malowo analibe eni ake?" anafunsa a Lemson.

"Analipo," anayankha mayi Jean, mawu atatsika. "Asilikali anawasamutsa iye asanafike. Ankalima akupeza nsonga za mivi yawo."

"Ndiye kuno sanafike ngati wophunzira," a Lemson anauza chemwali wawo m'Chichewa. "Anapeza ntchito yoidziwa kale." Kenaka anamwetulira mlendoyo namupempha kuti apitirize.

Chaka china kunagwa chisanu chimene anthu a kumeneko amachikumbukirabe. Chipale chitasungunuka, Orrin anapeza ng'ombe zake zitaunjikana m'makwawa, zonse zakufa. Anakhala zaka zingapo akuweta ng'ombe za eni ake, munthu amene kale anali ndi zake. Ndipo atamva kuti ku dziko la Amandebele kwapezeka golide, ndi kuti akufuna anthu odziwa miyala, anatsanzika. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu. Anauza mkazi wake kuti abwera pakatha zaka ziwiri.

"Poyamba ankatumiza uthenga," anatero mayi Jean, "kenaka kunangoti zii. Lucinda anakhala moyo mpaka 1934, ndipo sanalole munthu aliyense kumutcha wamasiye. Abusa atabwera kudzanena kuti achite mapemphero okumbukira, anawapirikitsa ndi tsache. Kavalo wa mwamuna wake atafa ndi ukalamba, anagula wina wa mtundu womwewo, kuti mwini wake akadzafika adzapeze chokwera. Wachiwiriyo atafa, anagula wachitatu."

"Akazi a kwanu ndi olimba mtima," anatero a Lemson.

"Mwana wake wamkulu, Cora, anali ndi chibwenzi, mnyamata wa pa sitolo. Lucinda anati ukwati udikire, bambo adzapereke okha mwana wawo. Mnyamatayo anadikira mpaka anatopa, nakwatira wina. Ine azakhali a Cora ndinawaona ndi maso anga ndili mtsikana, ali nkhalamba yotheratu, m'nyumba yomwe ija ya zipika. Ndinawafunsa chifukwa chake sanakwatiwe. Anati, 'Tinali kudikira ababa.' Ananena monga mmene munthu amanenera kuti tinali kudikira sitima."

Galimoto inakhota kulowa msewu wafumbi. Mayi Evelina anaona kuti kolala ya malaya a dalaivala inasokedwa mokhota, nayamba kuganiza mmene akanaikonzera.

Mgodi wakalewo unali utamera mitengo yaminga, ndipo ponseponse panali maenje atsopano a anthu okumba golide mozemba. Manda okha ndi amene okumbawo anawalambalala. Mayi Evelina anawomba m'manja pang'ono pa manda a agogo awo, kenaka, mwa chizolowezi, anawerama pa a Takete nayamba kuzula chisoso. Mayi Jean anagwada nasisita chitsulo chija, akutsata chilembo chilichonse ndi chala. Chilembo chimodzi chinali chotembenuka, pakuti okhomawo sankadziwa kuwerenga. Anangotsanzira zimene zinalembedwa pa sutikesi yachitsulo ya bwana wawo.

Kenaka mlendoyo anadzuka nakodola aganyu aja. Anatsitsa chokulungidwa chija navundukula bulangete. Linali bokosi laling'ono la matabwa akale, lopalidwa bwino, lotalika ngati mkono ndi theka.

"Mchimwene wanga anakhoma bokosili ndi matabwa a nyumba ija," anatero. "Pa mwala wa manda a Lucinda anasiya theka lopanda zilembo. Chilolezo cha boma ndi cha amfumu chanditengera chaka chathunthu. Ndabwera kudzamutenga, apite akagone pambali pa mkazi wake."

A Lemson anavula chipewa, nachivalanso. Anasendera kwa chemwali wawo.

"Ine ndimayesa abwera kudzamanga chiliza," ananong'ona m'Chichewa.

"Simunawauze?"

"Anafunsa ngati manda alipo. Nanga awa si manda? Talambula zaka zonsezi ngati manda ena onse. Sindinaganize kuti n'zofunika kunena."

"Auzeni tsopano."

"Munthu wawoloka nyanja ndi bokosi pamiyendo, chemwali. M'kamwa mwanga mwauma. Mwina tiwasiye akumbe, aone okha, tidzati chiswe."

Waganyu mmodzi analavulira m'manja nakweza piki. Mayi Evelina anaweramuka, chisoso chili m'manja, nalankhula m'Chingerezi ndi mawu omwe ankauzira makasitomala kuti nsalu yaperewera.

"Mayi, musawavutitse anthuwa. M'menemo mulibe munthu."

Piki inatsika pang'onopang'ono osagunda pansi. Mayi Jean anayang'ana a Lemson, amene anali kuyang'ana nsapato zawo.

"Mukuti anthu anafukula kale?"

"Ayi. Sanaikidwemo n'komwe."

Ndipo anafotokoza monga anamvera kwa bambo awo, osakometsera. Mgodi wa Takete sunkabala. Azungu anzake anali atapita ku nkhondo ya kumwera, iye n'kutsala yekha ndi antchito ake a ku Nyasalande, agogo a Kachingwe ali woyendetsa ngolo. Malungo ankamugwira kawirikawiri. Tsiku lina, thupi likutenthabe, anamanga katundu pa bulu nati akukaona miyala cha kumpoto, anakana woperekeza. Patapita masabata, bulu anabwera yekha, katundu ali pamsana. Antchito anamufunafuna m'tchire monse mpaka mvula inagwa n'kufufuta mapazi. Sanapeze ngakhale chipewa.

"Ndiye anathyola chipatso cha mtengo uwo," anatero mayi Evelina akuloza kumtsinje, kumene mvunguti waukulu unaima zipatso zili lendelende. "Anachikulunga m'malaya ake ndi m'mphasa, nachiika apa. Ndi mwambo wathu munthu akasowa."

"Chipatso," anatero mayi Jean.

"Inde."

Mlendoyo anakhala pansi, pa bokosi lake lomwe. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu, kenaka anasiya.

"Ankamukonda chotero?"

Apa a Lemson anapeza mawu. "Tisakunamizeni, mayi. Agogo ankati munthuyo anali wa chikoti, ngakhale kuti pa chakudya sankamana. Sichinali chikondi kwenikweni. Kungoti munthu wosaikidwa salola anzake kuchoka. Akanachoka bwanji pa mgodi, mwini wake asanafe ndiponso asanabwere? Aliyense ankati, nanga akafika mawa? Anakhala chomwecho, osagwira ntchito, osapita kwina, chakudya chikutha. Ataika mvunguti, analira, anafulula mowa, anameta. Kutacha, aliyense ananyamula mphasa yake kukafuna ntchito ku migodi ina."

"Chinali chaka chanji?"

"Ankati chaka chimene inamwalira mfumukazi ya azungu."

Mayi Jean anawerenga chamumtima. "Ndiye kuno anali atalira kale maliro ake, Cora akadali mtsikana. Kwathu anadikirabe zaka zoposa makumi atatu." Anapukuta magalasi ake ndi m'mphepete mwa malaya. "Palibe amene anatiuza."

"Sankadziwa kuti ali ndi mkazi," anatero a Lemson. "Mzungu sankauza antchito za kwawo."

Aganyu aja anali atakhala pamthunzi, akusuta fodya mmodzi mopatsirana. Mmodzi anafunsa mwa Chindebele ngati akumbe kapena ayi, ndipo a Lemson anamuyankha kuti adikire, tsiku ndi lake ndithu. Kutali kunkamveka kugogoda kwa anthu ophwanya miyala.

Patapita nthawi mayi Jean anadzuka, natsegula bokosi, natapa dothi la pamanda ndi manja ake awiri kangapo, nathira m'katimo. Silinadzaze ngakhale pansi pake. Anatseka. Kenaka anatembenukira kwa mayi Evelina, amene za mwana wawo sankazidziwa n'komwe, nafunsa monga mphunzitsi wofuna kumvetsa.

"Ndiuzeni, mayi. Zimathandizadi? Munthu ukudziwa kuti m'dzenjemo muli chipatso chabe. Mtima umavomera?"

A Lemson anatsokomola nayang'ana kumbali.

"Sindikudziwa," anayankha mayi Evelina. "Sindinayesepo."

"Lucinda sakanavomera. Akanati mwamuphera mwamuna wake." Mayi Jean ananyamula bokosi nalikumbatira pachifuwa. "Koma Cora akanavomera, ndikuganiza. Kungoti palibe amene anamufunsa."

Anayenda kupita ku galimoto. Mayi Evelina anatsala ataima, akuyembekeza kuti mwina mumtima mwawo mugwedezeka kanthu, chisoni kapena mkwiyo, choti chiwauze chochita. Simunagwedezeke kanthu. Munali zii monga masiku onse. Chimene chinabwera chinali chithunzi chabe, chooneka bwino ngati cha m'foni ya mlendo uja: Nobuhle ali nkhalamba yoonda, atagwada pakhomo pa chipinda, akunena kuti madzi afunda, m'chipindamo mulibe munthu.

Anataya chisoso chija, napukuta manja pa chitenje, naitana waganyu amene anali ndi chikwanje m'chiuno. Anatsetsereka naye kumtsinje. Pansi pa mtengowo panali zipatso zakugwa, zina zong'ambika, zina zodyedwa ndi anyani. Mayi Evelina anazidutsa. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, monga mmene amasankhira nsalu, naloza chimodzi chowongoka, chopanda chipsera. Munthuyo anakwera nadula chingwe chake, iwo n'kuchilandira ndi manja awiri. Chinali cholemera kuposa mmene ankaganizira, ndiponso chofunda ndi dzuwa. Anamasula chitenje cha pamwamba nachikulunga.

A Lemson atawaona akukwera chitunda ndi mtolowo, anavula chipewa, ndipo ulendo uno sanachivalenso.

"Chemwali, sindinakukakamizeni."

"Simunandikakamize. Mukauze a kwa Mkhwananzi abwere Loweruka. Mukauzenso abusa ndi a sosaite ya maliro."

"Mwatsimikiza mtima?"

"Mtima musaufunse, achimwene. Mukawauze."

Pobwerera amayi awiriwo anakhala mogundana mapewa, wina bokosi pamiyendo, wina mtolo. Mlendoyo anayang'ana mtolowo kamodzi, natsegula pakamwa, koma a Lemson anapukusa mutu pang'ono, ndipo iye anatseka. Dalaivala anawatsitsa m'tauni. Kuchokera pamenepo mayi Evelina anakwera kombi, minibasi ya ku Mpopoma, okha, pakuti a Lemson analunjika kwa Mkhwananzi. Kondakitala anafuna kuwalandira katunduyo kuti amuike pansi pa mpando.

"Letha, mama, bweretsani tiike apa. N'chiyani, soseji ya poloni ya ukwati?"

"Ndinyamula ndekha, mwanawe."

Anafika dzuwa litapendeka. Nobuhle anali ataweruka kale, akuanula zovala pa chingwe, zopanira zili m'kamwa. Ataona apongozi ake anathamanga kudzawalandira monga mwa ulemu, koma iwo sanapereke mtolowo. Analowa nawo m'chipinda chochezera, nauika pa sofa, navundukula mbali imodzi.

Nobuhle anachotsa zopanira m'kamwa. Anakulira pakati pa anthu a ku Nyasalande ndipo mwambowo anaumvapo.

"Mamazala," anatero, kuitana apongozi ake mwa Chindebele, "yini lokhu? N'chiyani chimenechi?"

"Khala pansi, mwana wanga. Loweruka tikuika Blessing. Udzavala zakuda nthawi yochepa, monga adzanenere akuluakulu. Ikatha, ndidzakusudzula ndekha. Udzapita kwanu ndi ulemu wako wonse, ndi katundu wako yense, ndipo amene adzakufune adzakafunsire kwa bambo ako masana, anthu akuona."

Kanali koyamba m'zaka zitatu kuti dzinalo limveke m'nyumbamo. Nobuhle sanakhale pansi. Anabwerera chambuyo mpaka msana unagunda khoma.

"Ayi, mamazala. Angifuni, sindikufuna. Ine sindinapemphe. Ndani wakuuzani kuti ndatopa? Akabwera adzapeza..."

"Akabwera adzapeza ine."

Mtsikanayo anayang'ana chipatso chija, nayang'ana apongozi ake, ngati akufuna kuti mmodzi wa awiriwo asinthe mawu. Kenaka anagwira mutu ndi manja onse awiri, natuluka panja, ndipo ali pakati pa zovala zoyanikidwa anakuwa mfuu ija imene aliyense wa m'lokeshoni amaidziwa tanthauzo lake. Mawailesi a nyumba zoyandikana anazima imodziimodzi. Zitseko zinayamba kutseguka.

Mayi Evelina anaima pakati pa chipinda akumvetsera, manja ali lende. Ankadziwa kuti posachedwa amayi a mumsewuwo adzadzaza nyumba, ndi kuti adzayembekeza kupeza mayi wa malemu ali pansi, pa matiresi, atafunda bulangete kumutu, akulira. Anayesa kumeza, kuti aone ngati pakhosi pali chotupa chimene chimatsogolera misozi. Panalibe.

Choncho anayamba ntchito. Anakankhira tebulo kukhoma, natulutsa mipando panja umodziumodzi kuti olira apeze pokhala. Anaphimba makina osokera. Kenaka anatsegula thumba la zidutswa za nsalu nafufuza mpaka anapeza chofiira, chotsala pa madiresi a kwaya ya sukulu ina. Anachidula mowongoka ndi sizasi, pakuti sankakonda nsalu yong'amba ndi manja, natuluka nacho kuchipata, pakuti kumeneko nsalu yofiira pachipata ndiyo imauza odutsa kuti pakhomo pagwa maliro.

Mnansi wawo, mayi Mable, anali atafika kale pamenepo, mpango uli m'manja, akupuma mwawefuwefu.

"NaBlessing! Kwachitika chiyani? Mwalandira uthenga? Amupeza?"

"Sanamupeze," anatero mayi Evelina, akumanga nsalu yofiirayo pa chitsulo cha chipata, mfundo ziwiri kuti mphepo isaichotse. "Lowani, mukamugwire mwanayo asagwe."